Pikapu yapendekera kumanzere: yezani kaye musanagule chitsulo chilichonse

Bambo wina wa ku Luchenza watilembera motere:

"Ndili ndi Toyota Hilux ya double cab ya 2009 imene ndinagula kwa munthu. Ndimanyamulira nthochi kuchokera ku Thekerani kupita nazo ku Limbe, nthawi zina simenti ndi feteleza. Chiyambire dzinja lapitali anthu akhala akundiuza kuti galimoto yapendekera kumanzere chakumbuyo, ndipo nanenso ndikaima kumbuyo kwake ndikuona kuti n'zoona. Ndinasinthitsa ma shock onse awiri akumbuyo koma palibe chasintha. Wina akuti ndiwonjezere malifu, wina akuti chasisi inapindika. Ndayesera kuyeza ndi tepi kuchokera pansi kufika pa madigadi, koma tsiku lililonse ndikupeza nambala ina. Alamu anga nawonso ali ndi Nissan Hardbody imene yazyolika kutsogolo. Kodi msinkhu wa galimoto amayeza bwanji, nanga ndingadziwe bwanji chimene chawonongeka ndisanatayenso ndalama?"

Bambo, ndathokoza chifukwa cha kalata yanu, ndipo choyamba ndikupempheni kuti mtima ukhale m'malo. Pa magalimoto opendekera amene amafika pa galaja yathu kuno ku Mulanje, ochuluka vuto lake limapezeka pa masipiling'i, pa mabushi (timphira ta m'malo olumikizira zitsulo) kapena pa matayala, ndipo zonsezi zimakonzeka pa mtengo woti munthu wa geni angaukwanitse. Chasisi imapindika ndithu, koma kawirikawiri zimatero galimoto ikachita ngozi, kapena ikamenya dzenje lalikulu ili ndi katundu wolemera amene wasanjidwa kumapeto kwenikweni kwa bodi. Amene wakuuzani za chasisi asanagwire tepi wangoganizira chabe, chimodzimodzinso amene wakuuzani za malifu. Mmodzi mwa iwo atha kukhala kuti walondola, koma chimene chingatitsimikizire ndi muyezo, ndipo gawo lalikulu la muyezowo mungathe kulichita nokha m'mawa umodzi, muli ndi tepi, choko ndi kope lolembamo.

Ndiyambe ndi ma shock amene munagula kale, chifukwa apa ndi pamene eni magalimoto ambiri amatayira ndalama. Ntchito ya shock si kusenza galimoto. Chimene chimasenza kulemera kwa galimoto ndi katundu wake ndi sipiling'i, kaya ndi ya malifu ngati yakumbuyo kwa Hilux yanu, ya koyilo ngati yakutsogolo kwake, kapena ndodo yopotoka yotchedwa torsion bar ngati yakutsogolo kwa Hardbody ya alamu anu. Shock imangoletsa sipiling'iyo kuti isapitirize kunjanja mukadutsa pa hampu kapena pa dzenje. Shock ya gasi yatsopano imatha kukankhira galimoto m'mwamba ndi mamilimita owerengeka chabe, koma singadzutse mbali imene sipiling'i yake yatopa. Ngati akale aja ankadontha mafuta, ndiye kuti ndalama zanu sizinapite pachabe, kungoti munachiza matenda ena, osati amene akukudetsani nkhawawa.

Tsopano chifukwa chimene mukupezera nambala yosiyana tsiku lililonse. Mukayeza kuchokera pansi kufika pa madigadi, simukuyeza sipiling'i yokha ayi. Mu nambala imeneyo mwalowa mpweya wa m'tayala, kutha kwa tayalalo, kukula kwake, ndiponso kakhalidwe ka nthaka imene mwaimikapo. Tayala lophwa pang'ono limatsitsa ngodya yake ndi sentimita yathunthu mosavuta. Ndimaonanso kawirikawiri pikapu imene yavala matayala a masayizi awiri chifukwa mwiniwake anagula limodzi lakale pamsika tsiku limene anaphulitsa ali pa ulendo. Tayala la 265/65 R17 ndi lotalika pafupifupi mamilimita 776, pamene la 245/70 R16 ndi pafupifupi mamilimita 750, choncho kungowasakaniza pa ekisulo imodzi kumapendeketsa galimoto ndi mamilimita 13 masipiling'i ali abwinobwino. Musanachite china chilichonse, werengani manambala olembedwa m'mbali mwa matayala onse anayi, ndipo muwapope molingana ndi zimene zalembedwa pa kapepala ka pa chimango cha chitseko cha dalaivala, mukuyeza ndi geji matayalawo asanatenthe.

Malo oimikapo ndi nkhani yaikulu kwathu kuno, poti ku Thyolo ndi ku Mulanje malo athyathyathya ndi osowa, ndipo bwalo la pakhomo limene maso amaliona ngati lolingana nthawi zambiri limakhala lotsetserekera mbali ina. Funani pa konkire, monga pa bwalo la nyumba yosungiramo katundu kapena m'galaja, koma musangokhulupirira chifukwa choti ndi pa simenti, popeza amisiri amapendeketsa dala konkire yapanja kuti madzi a mvula azitsika. Bwerekani levulo kwa mmisiri womanga nyumba, muiike pa thabwa lowongoka lotalika ngati m'lifupi mwa galimoto, ndipo muone ngati kadontho kakhala pakati. Payipi yoonekera yothiramo madzi, imene amisiri omwewo amagwiritsa ntchito polinganiza maziko, imathandizanso bwino lomwe.

Mukapeza malo, tsitsani chilichonse chimene si cha galimoto: makreti, zingwe, matenti, zigubu za madzi, bokosi la masipanala, ngakhale matope ouma amene amaunjikana pansi pa bodi m'nyengo ya mvula. Mafuta nawo amalemera. Lita imodzi ya dizilo imalemera pafupifupi magalamu 830, ndiye thanki ya malita pafupifupi 80 ikadzaza imaposa makilogalamu 60, kuposa thumba la simenti, ndipo thankiyo ili mbali imodzi ya chasisi, osati pakati. Mabuku ambiri a opanga magalimoto amafuna kuti poyeza thanki ikhale yodzaza ndipo m'kati musakhale munthu. Ngati simungathe kudzaza, lembani pamene muvi wa mafuta uli, kuti ulendo wina mudzayezenso uli pomwepo. Kenaka wongolani chiwongolero, yendetsani galimoto mamita angapo kutsogolo ndi kubwerera, muime mosaponda buleki mwamphamvu, muike miyala kapena timatabwa kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala, mumasule handibuleki, ndipo muikankhire pansi kangapo kutsogolo ndi kumbuyo kuti masipiling'i akhazikike. Galimoto imene yangotsitsidwa kumene pa jeke musaiyeze pomwepo, chifukwa kutsogolo kwake kumaima motalika mpaka itayenda pang'ono.

Muyezo umene ine ndimaudalira pa chiyambi ndi wochokera pakati penipeni pa habu, chitsulo chimene gudumu limamangidwapo, kufika m'mphepete mwa madigadi, molunjika m'mwamba. Ubwino wake ndi woti tayala sililowamo, kaya laphwa kaya latha, popeza habu ndi bodi zimangotalikirana kapena kuyandikirana malinga ndi sipiling'i. Chotsani kachivundikiro ka pakati pa rimu ngati kalipo, lembani kadontho ka choko pakati pa habu, ndipo m'mphepete mwa madigadi mulembe kamzere pamwamba penipeni pa kadonthoko. Kachingwe komangirira nati kumapeto kwake kadzakusonyezani ngati mwalunjika. Gwirani tepi yachitsulo, osati ya telala imene imatamuka, ndipo muwerenge maso anu ali pa msinkhu wa kamzere kaja, chifukwa kuwerenga mutaima chilili kumakunamizani ndi mamilimita angapo. Ngati kupeza pakati pa habu kukuvuta, kolani tepi pa mlomo wam'munsi wa rimu n'kudutsa nayo pakati pa gudumu mpaka pa madigadi, malinga ngati marimu onse ndi a sayizi imodzi. Lembani mu mamilimita, ngodya iliyonse payokha, kenaka yendetsaninso galimoto pang'ono ndi kubwereza. Manambala a maulendo awiriwo akasiyana ndi mamilimita oposa atatu kapena anayi, ndiye kuti pena pake simunayeze bwino, kapena pali bushi kapena shock yogwira imene ikuletsa galimoto kubwerera pa malo ake, chimenenso ndi chizindikiro chofunika kuchidziwa.

Pali njira ina yophweka imene imachotsa mkangano wonse wa malo. Mukatha kuyeza, tembenuzani galimoto kuti iyang'ane kumene inachokera, matayala akhale pa malo omwe aja, ndipo muyezenso. Ngati mbali yotsika ikadali yakumanzere kwa galimoto, vuto lili pa galimoto. Ngati kutsikako kwasamukira kumanja, ndiye kuti ndi konkire imene yapendekeka.

Powerenga manambala anuwo, yerekezani kumanzere ndi kumanja, osati kutsogolo ndi kumbuyo. Madigadi akutsogolo ndi akumbuyo sanadulidwe mofanana, komanso pikapu yopanda katundu inapangidwa dala kuti kumbuyo kuzikhala kokwererapo, kuti ikasenza katundu ilingane. Pikapu yopanda kanthu imene yaima molingana bwinobwino kutsogolo ndi kumbuyo, kapena imene kumbuyo kwatsika kuposa kutsogolo, masipiling'i ake akumbuyo atopa onse awiri, ngakhale kuti siyikupendekera mbali iliyonse. Pa kusiyana kwa mbali ziwiri, ine pa ntchito yanga ndimatsata izi: kusiyana kosafika mamilimita 10 sindikuwerengera, chifukwa thanki, batire ndi zina sizikhala pakati, ndipo ngakhale galimoto yatsopano siilingana ndendende. Pakati pa 10 ndi 20 ndimafuna kudziwa chifukwa chake ndisanamulole mwini galimoto kupita. Kupitirira 20 ndiye kuti pali chimene chatopa, chathyoka kapena chapindika. Kupendekera koti anthu a pamsewu akukuuzani nthawi zambiri kumakhala kuti kwadutsa kale pamenepo.

Yang'ananinso ngodya zoyang'anana chopingasa. Galimoto ili ngati tebulo la mwendo umodzi waufupi: ngodya imodzi ikatsika, ya kutsidya kwake imakwera. Tiyerekeze kuti kumbuyo mwapeza 575 kumanja ndi 548 kumanzere, ndipo kutsogolo mwapeza 552 kumanja ndi 543 kumanzere. Manambalawa ndangopereka ngati chitsanzo, si a m'buku la galimoto yanu. Kusiyana kwakukulu kuli kumbuyo, mamilimita 27, ndipo kwakutsogoloko, mamilimita 9, kwangokokedwa ndi vuto lakumbuyo. Munthu wosadziwa angayambe kusintha zakutsogolo zomwe zilibe mlandu. Zimachitikanso mosemphana, kuti koyilo yakutsogolo yothyoka imaonetsa ngati vuto lili kumbuyo. Pa galaja timasiyanitsa ziwirizi pokweza kumbuyo ndi jeke yamagudumu itaikidwa pakati penipeni pa difu, chotupa cha pakati pa ekisulo, kuti ekisulo izitha kupendekera mbali iliyonse momasuka, kenaka n'kuyezanso kutsogolo. Kutsogolo kukalingana, tadziwa kuti vuto lili kumbuyo. Nthawi zina timamasulanso kachitsulo kolumikiza stabiliser bar, ndodo yochepetsa kupendekera kwa galimoto pa kona, chifukwa ndodoyi ikapindika imatha kugwira galimoto mopendekera masipiling'i ali abwino.

Muyezo wa pa madigadi uli ndi chofooka chimodzi, makamaka pa pikapu zogwira ntchito ngati yanu: umakhulupirira kuti bodi ili pamalo pake. Koma bodi ya katundu imamangidwa pa chasisi ndi mabawuti, kabini imakhala pa timphira timene timaphwanyika tikakalamba, ndipo madigadi amene anagundidwapo n'kuwongoledwa ndi hamala sabwerera ndendende pamene anali. N'chifukwa chake muyezo wachiwiri umachitikira kunsi. Galimoto ili pa matayala ake, magudumu atatchingidwa, suzumirani pamwamba pa ekisulo yakumbuyo ndipo mudzaona kamphira kokhuthala kamene kamaletsa chasisi kugundana ndi ekisulo, kamene timakatcha bump stop. Yezani mpata wa pakati pa kamphirako ndi chitsulo chimene kamagundapo, mbali zonse ziwiri, mutatsimikiza kuti timphira tonse tiwiri tilipo ndipo n'tofanana. Ngati mpatawo wasiyana mofanana ndi mmene pa madigadi pasiyanira, sipiling'i ndiyo yatsika. Ngati kunsi kwalingana koma pa madigadi pasiyana, masipiling'i alibe vuto, ndipo tiyang'ane zomangira bodi kapena chasisi yeniyeniyo. Poonapo pomwepo, onani ngati pamene kamphirako kamagunda papukutika mpaka kuwala, chifukwa zimenezo zikusonyeza kuti galimoto yakhala ikuyenda itakhalira pa mphira, sipiling'i itatheratu mpata wake.

Yezaninso kuchokera pakati pa habu yakutsogolo kufika pakati pa habu yakumbuyo, kumanzere ndi kumanja, chiwongolero chili chowongoka. Malifu onse amagwiridwa pamodzi ndi bawuti imodzi yapakati, centre bolt, imene mutu wake umalowa pa kabowo ka pa ekisulo. Ma U-bolt, mabawuti opindika ngati chilembo cha U amene amamanga malifu pa ekisulo, akamasuka, bawuti yapakatiyo imadukira m'kati, ekisulo imasunthira kumbuyo mbali imodzi, ndipo galimoto imayamba kuyenda chammbali ndi kudya matayala. Kusiyana kopitirira sentimita imodzi pa muyezo umenewu ndi kofunika kukaonetsa msanga.

Opanga magalimoto eni ake sayezera pa madigadi. M'mabuku a Toyota, mwachitsanzo, kutsogolo amayeza kuchokera pansi kufika pakati pa gudumu, n'kuyezanso kuchokera pansi kufika pakati pa bawuti yogwira mkono wam'munsi, chitsulo cholumikiza gudumu ku chasisi, kenaka n'kuchotsera. Kumbuyo amachita chimodzimodzi ndi pakati pa ekisulo ndi bawuti yakutsogolo ya sipiling'i. Nambala yoyenera imasiyana malinga ndi mtundu weniweni wa galimoto, kaya ndi 4x2 kapena 4x4, single cab kapena double cab, choncho imapezeka potsata nambala ya chasisi. Musatengere nambala ya Hilux ya mnzanu pokhapokha ngati ili yofanana ndi yanu m'zonse ndipo mukudziwa kuti sinasinthidwepo kalikonse.

Malinga ndi zimene mwafotokoza, maganizo anga akugwera pa sipiling'i yakumbuyo kumanzere, ndipo si zachilendo. Timayenda kumanzere kwa msewu, msewu umatsetserekera kumphepete kuti madzi azichoka, choncho mbali yakumanzere ndi imene imalemedwa kwambiri, komanso ndi imene imagwera m'mphepete modyeka mwa tala popatukira malole pa msewu wa Limbe. Onjezanipo zitunda ndi makona a ku Thekerani nthochi zitaunjikidwa mpaka pamwamba, ndiponso mvula ya kuno imene imalowetsa matope pakati pa malifu n'kuyambitsa dzimbiri. Tsukani masipiling'iwo ndi madzi ambiri, chifukwa dothi lofiira la ku Thyolo limabisa ming'alu, ndipo muwaunike ndi tochi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Lifu limakonda kuthyokera pafupi ndi ma U-bolt kapena pafupi ndi diso la lifu lalikulu, ndipo nthawi zambiri chidutswacho sichigwa, chimangokhala chopanikizika pakati pa anzake, mng'alu wake ukuoneka ngati kamzere kakang'ono kotuluka fumbi la dzimbiri. Sipiling'i yabwino yopanda katundu imaoneka yopindikira pansi pakati pake. Yotopa imakhala yowongoka, ndipo yotheratu imapindikira m'mwamba. Onaninso shackle, chitsulo cholendewera chakumapeto kwa sipiling'i: ikagonera kwambiri chakumbuyo kuposa inzake ya mbali inayo, sipiling'iyo yatambasuka. Mabushi otha, amene mphira wake watuluka m'mbali ndipo bawuti yakhalira pa chitsulo, nawonso amatsitsa ngodya ndi mamilimita angapo, ndipo amenewa ndi otsika mtengo kuwasintha.

Mukapeza kuti sipiling'i yatopa, njira imene ndimalangiza ndi kusintha masipiling'i onse awiri pamodzi, ndi mabushi ndi ma U-bolt atsopano. Mukasintha mbali imodzi yokha, yatsopanoyo imaima motalika kuposa yakale, ndipo galimoto imangopendekera mbali ina. Kuwapindanso malifu akale pa makina osindikizira kumabwezeretsa msinkhu kwa kanthawi, ndipo ndikumvetsa chifukwa chimene anthu amasankhira njirayi ndalama zikachepa, koma chitsulo chotopa chimabwereranso msanga pa ntchito yolemetsa ngati yanu. Chimene ndikukuletsani ndi mtima wonse ndi kulola munthu kuwotcha malifu ndi moto wa gasi kuti awapinde, kapena kuwotcherera lifu lothyoka. Chitsulo cha sipiling'i chinaumitsidwa mwapadera ku fakitale, ndipo moto umachotsa mphamvu imeneyo. Lifu lowotcherera limathyokanso pambali pa chowotchereracho, ndipo ngati ndi lifu lalikulu, limene limagwira ekisulo, galimoto imatha kukhota yokha muli pa liwiro.

Nkhani yowonjezera malifu ndiyofunika kuiganizira mofatsa. Lifu limodzi lowonjezera mbali iliyonse, pa masipiling'i amene akadali abwino, limathandiza galimoto yonyamula katundu tsiku ndi tsiku kuti isamakhalire pa mphira. Koma kuwonjezera pa sipiling'i yothyoka kapena yotheratu n'kungobisa vuto, ndipo kuwonjezera mbali imodzi yokha kuti galimoto ilingane kumapangitsa mbali ziwirizo kulimba mosiyana, zimene zimamveka pa kona ndi pogwira buleki. Komanso malifu owonjezera sawonjezera katundu amene galimoto ikuloledwa kunyamula. Ekisulo, mabering'i, matayala, mabuleki ndi chasisi zikadali zomwe zija. Kulemera konse kololedwa kunalembedwa pa kachitsulo ka wopanga galimoto, ndipo pa pikapu za gulu la tani imodzi, tani imeneyo imawerengera anthu okwera, denga la bodi ngati lilipo, ndi china chilichonse chimene munawonjezera. Anthu asanu a makilogalamu 70 aliyense ndi makilogalamu 350, ofanana ndi matumba asanu ndi awiri a simenti, choncho double cab yodzaza anthu singanyamulenso matumba 20 kumbuyo. Masipiling'i olimbitsidwa mopitirira amachititsa kuti galimoto isaoneke yolemedwa pamene yalemedwa, ndipo mphamvu yonse ya dzenje imapita ku chasisi, pakati pa kabini ndi bodi, pamene ma double cab amakonda kupindikira.

Pali chinthu china chimene ambiri sachidziwa, ndipo chimakhudza moyo. Pikapu zambiri, makamaka zopanda ABS (chipangizo choletsa magudumu kugwiriratu pogwira buleki), zili ndi valavu ya mabuleki yomangidwa pa chasisi chakumbuyo, yokhala ndi kandodo kolumikiza ku ekisulo. Valavuyi imadziwa kulemera kwa katundu poona mmene kumbuyo kwatsikira. Galimoto ikakhala yopanda kanthu imachepetsa mphamvu ya mabuleki akumbuyo kuti magudumu asagwire n'kutsetsereka, ndipo ikalemedwa imawonjezera. Masipiling'i akatopa, valavu imaona ngati mwanyamula katundu pamene mulibe, ndipo pa tala wonyowa ndi chiperoni magudumu akumbuyo amagwira msanga, galimoto n'kutembenuka. Mukakweza kumbuyo ndi malifu ambiri, valavu imaona ngati simunanyamule kanthu pamene mwadzaza, ndipo mumatsika zitsetse za Thyolo mabuleki akutsogolo okha ndi amene akugwira ntchito yaikulu mpaka kutentha. Aliyense wosintha msinkhu wakumbuyo ayenera kuonanso kandodo kameneka, ndipo ngati mwapeza kuti kanadulidwa kapena kanamangidwa ndi waya, kakonzedwe musananyamulenso katundu.

Kwa alamu anu nkhani ndi yopepukirapo. Hardbody, monganso Isuzu KB zakale, Ford Ranger za chisanafike chaka cha 2011 ndi Hilux zambiri za chisanafike 2005, kutsogolo ili ndi torsion bar, ndodo yachitsulo yaitali imene imagwira ntchito ya sipiling'i popotoka. Kumapeto kwake kwakumbuyo, pansi pa kabini, kuli bawuti yosinthira msinkhu. Ndodozi zimafooka pang'onopang'ono ndi zaka, makamaka ngati kutsogolo kunawonjezedwa chitsulo cholemera chotchinga, ndipo kumanga bawutiyo kumabwezeretsa mphuno pamalo pake. Ntchitoyi imachitika kutsogolo kutakwezedwa ndi kukhazikidwa pa zochirikiza zachitsulo, mazinga a bawuti atatsukidwa ndi kuthiridwa mafuta, mukuwerenga kuti mwazunguliza kangati mbali iliyonse, kenaka n'kutsitsa, kuyendetsa pang'ono ndi kuyezanso. Cholinga chikhale kubwerera pa msinkhu wa ku fakitale, osati kupitirira. Mukakweza mopitirira, mkono wam'mwamba umayandikira mphira wake, gudumu limasowa mpata wotsikira m'dzenje, galimoto imagunda molimba, ndipo zolumikizira za magudumu akutsogolo, ma ball joint ndi ma CV joint a 4x4, amatha msanga. Mazinga a bawuti akatha msinkhu usanakwane, ndodozo zatopa ndipo zifunika mmisiri. Ndodozi zimalembedwa L (kumanzere) ndi R (kumanja), ndipo sizisinthanitsidwa mbali.

Kwa owerenga amene ali ndi magalimoto monga Prado, Fortuner kapena Land Cruiser 80, kayezedwe ndi komweko, kungoti makoyilo alibe posinthira, ndipo amakonda kuthyokera pa mzere womaliza wam'munsi, pamene pamabisika ndi matope. Ena mwa ma Prado ochokera ku Japan kumbuyo ali ndi matumba a mpweya m'malo mwa makoyilo, Land Rover Discovery 3 ndi 4 zambiri zili nawo magudumu onse anayi, ndipo ena mwa ma Land Cruiser 100 amakwera ndi kutsika pogwiritsa ntchito mafuta opanikizidwa. Oterewa ayezedwe ali pa msinkhu wapakati, madzulo ndi m'mawa asanalize injini. Ngodya yotsika usiku ikusonyeza kudontha, ndipo madzi a sopo amaonetsa thovu pamene mpweya ukutulukira. Pansi pa galimoto yotere musalowe popanda zochirikiza, chifukwa imatha kutsika yokha.

Ndikupempheninso kuti tsiku limene mwanyamula nthochi monga mwa nthawi zonse, muyezenso mpata wa pa bump stop musananyamuke. Ngati mphira wakhudza kale chitsulo galimoto ili chiimire, katunduyo wachuluka, kaya masipiling'i ndi atsopano kapena akale. Katundu wolemera azikhala kufupi ndi kabini ndiponso pakati, osati kumapeto kapena mbali imodzi.

Musayendetsenso galimoto ndi katundu, koma pitani nayo kwa makaniko mwamsanga, mukapeza lifu lalikulu long'aluka, U-bolt yomasuka, ekisulo yosunthira kumbuyo, tayala lokhula pa bodi, kapena ngati kupendekerako kunabwera mwadzidzidzi mutamva kulira kwa chitsulo. Mukaona mng'alu, makwinya kapena penti yosupuka pa chasisi, kapena mpata wa pakati pa kabini ndi bodi utakula m'mwamba kuposa m'munsi, funani malo a ku Limbe kapena ku Blantyre amene ali ndi zida zoyezera ndi kuwongolera chasisi, osati wowotcherera wa m'mbali mwa msewu. Kumasula koyilo yakutsogolo kwa Hilux yanu nakonso si ntchito ya pakhomo, chifukwa koyilo yopanikizidwa ikapulumuka imavulaza koopsa. Popita kumeneko tengani kope lanu la manambala, kuti makaniko ayambire pa zimene mwapeza kale.

Ntchito ikatha, onetsetsani kuti mabawuti a mabushi amangidwa komaliza galimoto itaima pa matayala ake, chifukwa akamangidwa ili m'mwamba mphira umapotoka n'kung'ambika msanga. Kenaka kachititseni alayimenti, makamaka alamu anu, popeza kusintha msinkhu wakutsogolo kumasinthanso kaimidwe ka magudumu, ndipo matayala amayamba kudyeka mbali imodzi. Nyali zakutsogolo zikonzedwenso, chifukwa pamene kumbuyo kunali kotsika zinkaloza m'mwamba n'kumathobwa madalaivala anzanu, ndipo nyali ndi masipiling'i ndi zina mwa zimene zimaonedwa pokayezetsa galimoto kuti mupeze COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu. Mukayenda maulendo angapo ndi katundu, bwererani kuti akamangenso ma U-bolt, poti malifu atsopano amakhazikika ndipo manati amamasukirako, ndipo tsiku lomwelo muyezenso ngodya zonse zinayi pa konkire yomwe ija ndi kulemba manambalawo pamodzi ndi deti ndi makilomita, kuti muzidzayerekeza nawo kumayambiriro ndi kumapeto kwa nyengo ya mvula iliyonse.